Fulashi yochotsa pa kamera: chingwe kapena trigger?

Anyamata amene angoyamba kumene kujambula maukwati ndi mapati kuno ku Harare, ku Mufakose, Mbare, Dzivarasekwa mpaka ku Mabvuku akumandifunsa funso limodzimodzi pa WhatsApp, akuti achimwene fulashi ndagula, pano ndikufuna ndiziyichotsa pamwamba pa kamera ndiziyiyika pambali ngati mmene mumachitira inu muja, nde ndigule chani, chingwe kapena trigger? Ndimayankha mmodzimmodzi mpaka chala kutopa, nde ndaona kuti bola ndingolemba zonse pano m'Chichewa chathu chomwechi kuti wina akafunsanso ndizingomutumizira.

Ine ndimayamba ndawafunsa kaye kuti fulashiyo ukaichotsa pa kamerapo ikakhala pati? Chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ngati ikakhala m'dzanja lako lamanzere, kamera kumanja, chingwe chachifupi chikukwanira ndipo palibe chochiposa. Ngati ikakhala pa sitandi uko, ndi ambulera kapena softbox (bokosi la nsalu lofewetsa kuwala), iwe nkumayendayenda, gula trigger ya wayilesi, kachida kokhala pa kamera koyatsa fulashi popanda chingwe, usataye nthawi. Chimene sindilimbikitsa munthu wojambula pagulu ndi chingwe chachitali chija chodutsa pansi, ndifotokoza chifukwa chake.

Choyamba timvane kaye chimene chikuchitika ukadina batani. Shata ikatseguka yonse kamera imauza fulashi kuti waka pompano, basi uthenga wake ndi umenewo. Uthengawo umatulukira pa kapini kapakati kaja kamene kali pa hot shoe, pamwamba pa kamera pomwe timalowetsa fulashi. Timapini tina tozungulirato nditolankhulana zina, monga mphamvu ikhale yochuluka bwanji, zoom ya fulashi ndi zina zotero, ndipo Canon ali ndi kayalidwe kake, Nikon kake, Sony kakenso. Nde chingwe kaya trigger ntchito yake ndi kunyamula uthenga kuchoka pa hot shoe kukafika komwe kuli fulashi. Zina zimangonyamula mawu amodzi oti waka, zina zimanyamula macheza onse. Kusiyana kwa mitengo kwagona apa.

Zingwe zilipo mitundu iwiri ndipo anthu amazisokoneza kwambiri. Chakale chija ndi cha PC sync, chinayamba m'ma 1950 ndi mashata a ku Germany a Prontor ndi Compur, kamutu kake ndi kakang'ono kozungulira kongokankhira. Chimenechi chimangoti waka basi, mphamvu ya fulashi umakatchera wekha pa fulashipo, kaya 1/4 kaya 1/16. Kamutu kaja kakagwira ntchito nthawi yaitali kamakhwepa, nde fulashi imawaka pena, pena ayi, pena kuwaka yokha chingwe chikangogwedezeka. Ojambula akale ankakafinya pang'ono ndi pulayala kuti kagwirenso. Komanso makamera ambiri otsika mtengo amene anyamata akuyambira nawo alibe nkomwe bowo la PC, mpaka ugule kachida kolowetsa pa hot shoe kokhala ndi bowolo. Mafulashi ena masiku ano ali ndi bowo la 3.5mm, lofanana ndi la mahedifoni, ndipo limeneli limagwira bwino kuposa PC. Ubwino wake wina ngoti chikaduka, mnyamata aliyense wokonza mafoni m'tauni muja kaya ku Gulf Complex akuwotchererani mkanthawi kochepa.

Koma tangoganizani chingwe cha mamita asanu chili pansi mu holo ya ukwati wa kwathu. Nthawi yofupa yakwana, amayi adzuka ndi zitenje zawo, ana akuthamanga pakati pa matebulo, a DJ akweza, aliyense akubwera kutsogolo akuvina ndi ndalama m'manja. Wina akangokola phazi ndi zinthu ziwiri zikugwa, sitandi ndi fulashi uko, kamera kuno, ndipo choopsa kwambiri ndi mutu wa mwana amene ali pansi pa sitandiyo. Ngakhale pasakhale wokola, iweyo umakhala ngati mbuzi yomangirira pachikhomo, umangozungulira pomwepo pamene akwati apita kale mbali ina. Chingwe chimenechi malo ake ndi mu situdiyo, kapena kachipinda kako kojambulira zithunzi za pasipoti ndi katundu wa amayi ogulitsa pa Facebook, pomwe kamera ili pa tripod ndipo palibe akudutsa. Kumeneko nde chilibe vuto, chotchipa, sichifuna batire, chimagwira chaka ndi chaka.

Chingwe chachiwiri ndi cha TTL (TTL ndi pomwe kamera imayeza yokha kuwala nkutchera mphamvu ya fulashi), chopotanapotana ngati cha telefoni za m'maofesi zakale zija. Mbali imodzi imalowa pa hot shoe, mbali inayo ili ndi hot shoe yakeyake pomwe umalowetsa fulashi. Cha Canon ndi OC-E3, kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 60, za Nikon ndi SC-28 ndi SC-29, ndipo SC-29 ili ndi kanyali kothandiza kamera kupeza focus mumdima. Zilinso za makampani ena zotsikirapo mtengo. Chingwe ichi chimanyamula mapini onse, kamera imangoona ngati fulashi ikadali pamutu pake, TTL ikugwira, HSS (yolola fulashi kugwira shata ili pa liwiro lalikulu, ndifotokoza kutsogoloku) ikugwira ngati fulashi yako ili nayo. Ichi nde ndimachikonda zedi ndipo sichichoka mchikwama changa. Kumapati a usiku, kumaholo odzadza koti sitandi ulibe poyiyika, ndimagwira fulashi kumanzere nditakweza dzanja m'mwamba chapambali, kuwala kumabwera chammbali nkhope imaoneka yamoyo, osati yophwatalala ndi chithunzithunzi chakuda kumbuyo pakhoma. Dzanja limatopa inde, ndipo kugwira kamera yolemera ndi dzanja limodzi kumafuna kuzolowera, lamba wa kamera azikhala m'khosi nthawi zonse. Ndipo chenjerani, cha Canon ndi cha Canon, cha Nikon ndi cha Nikon, mukasakaniza mutsala ndi kapini kapakati kokha.

Tisanafike pa wayilesi pali njira ina yaulere imene ambiri ali nayo kale koma sadziwa. Mafulashi ngati YN560 ya Yongnuo kapena TT600 ya Godox ali ndi S1 ndi S2. Ukaika pa S1 imawaka ikangoona fulashi ina yawaka, S2 imadumpha kuwala koyamba kuja kumene kamera imatulutsa poyeza TTL nkudikira kwenikweniko. Nde kafulashi kakang'ono ka pa kamera kaja kakhoza kuyatsa yaikuluyo popanda kugula kanthu. M'nyumba pophunzira ndi zabwino kwambiri ndipo ndimauza aliyense kuti ayambire pamenepa. Koma panja masana dzuwa la mu Harare limaphimba kadiso kake sikaona kanthu, ndipo pa ukwati aliyense amene wabwera ndi kakamera kake akajambula fulashi yako iwakanso, mabatire kumangotha, iwe pofuna kujambula uyipeza isanadzadze.

Tsopano trigger. Kale zinthu zimenezi zinali za anthu andalama, ma PocketWizard aja, ife tinkangowaona m'magazini. Kenako kunabwera za ku China zotchipa monga RF-603 ya Yongnuo, nazonso zinkangoti waka basi koma zinamasula anthu ambiri. Canon anaika wayilesi mkati mwa fulashi yake ya 600EX-RT mu 2012, Nikon anatsatira ndi SB-5000 mu 2016, koma zimene zadzadza m'zikwama za ojambula masiku ano ndi za Godox, X1T, X2T ndi XPro. Zimayenda pa 2.4GHz, komwenso kumayenda WiFi, sizifuna kuti zionane ndi fulashi, ikhoza kukhala mkati mwa softbox kapena kuseri kwa chitseko iwakabe. Ndipo mafulashi awo ngati TT600, TT685, V860II ndi AD200 ali ndi cholandirira mkati momwemo, nde umangogula kamodzi kokhala pa kamera basi.

Chimene chinandikopa ine pa trigger si kusowa kwa chingwe kokha ayi, ndi kusintha mphamvu uli pomwe waimapo. Fulashi ili pamwamba pa sitandi, wajambula waona kuti malaya oyera a amayi a kutchalitchi apserera, sukufunika kukatsitsa sitandi anthu makumi atatu akukudikira padzuwa, umangopotokola kagudumu pa trigger kuchoka pa 1/2 kufika pa 1/4 nkujambulanso anthu asanayambe kudandaula. Ukakhala ndi mafulashi awiri kapena atatu umawaika m'magulu, A kutsogolo, B kumbuyo yowalitsa tsitsi ndi velo, C yapakhoma, iliyonse ndi mphamvu yake. Ndi chingwe zimenezi ndi ntchito yokhetsa thukuta.

Pa bokosi amalemba kuti imafika mamita 100. Pabwalo poyera mwina, koma makoma a konkire, malata ndi matupi a anthu zimadya mtunda umenewo, nde musamayese mwayi tsiku la ntchito. Chodabwitsa nchoti ikayandikira kwambiri nayonso imatha kuphonya, mwachitsanzo fulashi ili m'dzanja pafupi penipeni ndi kamera, nchifukwa chake XPro ndi X2T zili ndi posankha mtunda mu menu, 0-30m kapena 1-100m. Ukamagwira fulashi pamanja sankha yoyambayo. Apanso mpamene ndimati bola chingwe cha TTL, chilibe zosankhasankha.

Vuto lenileni la trigger muno mu Harare ndi anzathu ojambula. Pitani ku Harare Gardens Loweruka, makamaka nyengo ya jacaranda mu Okutobala mitengo itafiirira ndi maluwa, maukwati atatu anayi malo amodzi, aliyense ndi Godox yake, ndipo ambiri sanasinthepo tchanelo chiigulireni, onse ali pa 1. Iwe wangoima fulashi yako ikuwaka yokha, kapena mphamvu yasintha osaikhudza, kumeneko ndi mnzako uko akutchera yake. Matchanelo alipo 32, sankha ina yakutali ndi 1, ndipo palinso ID yoyambira 01 mpaka 99, ikani nambala imodzi pa trigger ndi pa fulashi zonse, ikatero ya munthu wina singakulowerereni ngakhale muli pa tchanelo imodzi. Mafulashi ena akale samva za ID, amenewo muyisiye pa OFF mungosintha tchanelo. Ndipo ndi ulemu chabe kupita kwa mnzako musanayambe nkumufunsa kuti akulu muli pa tchanelo chani, tonse tikusaka ya ndiwo.

Kenako mabatire. Ma trigger ambiri amadya ma AA awiri, fulashi ma AA anayi, nde ndi zinthu zambiri zofunika kuchaja usiku woti mawa kuli ntchito, ndipo tonse tikudziwa mmene magetsi amachitira kumalokeshoni kuno, akhoza kuthima m'bandakucha nkubwera anthu atagona. Ine ndimachaja tsiku lililonse limene ayaka osadikira Lachisanu, ndipo ma AA awiri atsopano amakhala mkathumba kakekake ka trigger yokha, sindiwabwereketsa kwa fulashi zivute zitani. Mabatire ochaja amatulutsa 1.2V pamene a alkaline ndi 1.5V, nde ma trigger ena amaonetsa ngati batire latsala pang'ono pamene langochoka kumene pa chaja, musadabwe nazo. Otchipa ogula pamsewu aja amatha msanga ndipo akakhalitsa mkati amatuluka madzi oyera aja nkudya tizitsulo, mukamaliza ntchito achotseni. Chingwe chilibe zonsezi. Trigger ikafa pakati pa mwambo, chingwe cha TTL chija ndi chimene chikupulumutse, umachotsa fulashi pa sitandi nkuigwira pamanja ntchito nkumapitirira, akwati osadziwa nkomwe kuti panali vuto.

Nkhani ya liwiro la shata ndiyofunika muimve chifukwa ambiri amanamizira trigger kuti yawonongeka. Makamera ambiri amalola fulashi mpaka 1/200 kapena 1/250 ya sekondi. Ukapyola apo shata sikhalanso yotseguka yonse nthawi imodzi, nde chithunzi chimatuluka ndi mzere wakuda mbali imodzi. Ma trigger otchipa ena amachedwa pang'ono pokha kufikitsa uthenga, nde ukhoza kuona mzerewo ngakhale uli pa 1/200, ungotsika pa 1/160 zitheka. Masana panja ukafuna kumbuyo kusungunuke pa f/2, lensi itatseguka kwambiri, dzuwa lili pamutu, 1/200 ndi yochedwa kwambiri chithunzi chiyera mbee, mpamene pamafunika HSS, fulashi imaphethira mofulumira kambirimbiri nthawi yonse imene shata ikudutsa. Chingwe cha PC sichingachite zimenezi, RF-603 singachitenso, koma chingwe cha TTL ndi ma trigger ngati XPro zimatha. Dziwani kuti HSS imadya mphamvu kwambiri, kafulashi ka ma AA kamangokwana munthu mmodzi kapena awiri ali pafupi, gulu lonse la operekeza akwati sikangalikwanitse. Ena amaika ND filter, galasi loderako lochepetsa kuwala, pa lensi kuti akhalebe pa 1/200 fulashi ikhale ndi mphamvu zake zonse. Ine nthawi zambiri ndimangowapempha anthu tisunthire pamthunzi.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mumvetsetse chifukwa chikhoza kukupherani kamera. Madala ena a ku Tafara, makolo awo anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu kalekale, ankajambula anthu m'mapaki nthawi ya mafilimu, anandiitana tsiku lina nkunditulutsira fulashi yawo yakale, Vivitar 283, yosungidwa bwino mu nsalu. Anati mwana wanga tenga, ine maso anatha, iwe ikuthandiza. Ndinalandira ndi manja awiri ndinati zikomo kwambiri bambo, ndiisamala. Imawaka mpaka lero ndipo mphamvu ili nayo. Koma mafulashi akale amenewa, makamaka ma 283 oyambirira, amatha kukhala ndi mphamvu ya magetsi yopitirira 200V pa kapini kapansi paja. Makamera a filimu achitsulo aja analibe nazo ntchito. Muyezo wa masiku ano wa bungwe la miyezo la ISO ndi 24V, ndipo makamera ena a digito akale a Canon ankangolola 6V. Ukailumikiza ndi chingwe magetsi onsewo akulowa mu kamera mwachindunji. Ndi wayilesi fulashi imakhudzana ndi kolandirira kokha, zikavuta kwambiri chopsa ndi kachida kotchipa osati kamera imene unasonkhera chaka chathunthu, ngakhale nakonso uone kaye papepala lake kuti kamapirira mavoti angati. Nde mukapatsidwa kapena kugula fulashi yakale pa kaunjika, pitani nayo kwa wokonza mawailesi ayeze ndi multimeter pakati pa kapini kapakati ndi kachitsulo kam'mbali, fulashi itayaka itadzadza. Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Kulinso kachida kotchedwa Safe-Sync ka Wein kotsitsa mphamvuyo ngati mukufunitsitsa chingwe.

Yang'ananinso pamwamba pa kamera yanu musanatulutse ndalama. Canon 4000D ndi 250D zilibe kapini kapakati kaja, nde chingwe cha PC, RF-603 ndi fulashi iliyonse yodalira kapini kamodzi siziwaka pamenepo, mufunika trigger yolankhula chinenero cha Canon ndipo nthawi zina mpaka kuikamo firmware (pulogalamu ya mkati mwake) yatsopano. Canon R50 ili ndi hot shoe ya mtundu watsopano yofuna adaputa ya AD-E1 kuti zinthu zakale zigwire. A Sony nawo anasintha hot shoe mu 2012 kuchoka pa ya Minolta ija. Ndipo pa trigger za Godox onani chilembo chakumapeto, C ndi Canon, N ndi Nikon, S ndi Sony, F ndi Fujifilm, O ndi Olympus ndi Panasonic. Zimenezi nzofunika kwambiri kwa ife amene katundu wambiri timachita kuyitanitsa ku Johannesburg, wina akutitengera pa basi kudzera pa Beitbridge, talipira kale madola. Chikabwera cholakwika kubweza kwake nkovuta, umangoyamba kusaka wochigula m'magulupu. Mtumizireni wokugulirayo chithunzi cha bokosi, chilembocho mutachizunguliza, ndipo iye akutumizireni chithunzi ali mu shopu asanalipire.

Komanso si paliponse pofunika sitandi ndi ambulera ngakhale trigger uli nayo. Ku maliro, kapena tsiku lovundukula chiliza abale atabwera kuchokera ku Lilongwe ndi ku Mangochi, kuimika zida pakati pa anthu akulira nkusowa khalidwe. Kumeneko ngati banja lapempha zithunzi ndimakhala chakumbali, fulashi m'dzanja pa chingwe chachifupi mphamvu yotsika, nthawi zambiri osayatsa nkomwe. M'tchalitchi funsani abusa kapena akulu ampingo mapemphero asanayambe. Gule akatuluka ku Dzivarasekwa kapena ku Mbare musangofikira kuthwanimitsa, pitani kaye kwa akuluakulu a mwambo mukapemphe, akakana ndi momwemo kamera ibwerere mchikwama. Zinthu zimenezi makolo athu anazisunga movutikira kuno kuchilendo, sizoti tizisewera nazo chifukwa cha ma like.

Kwa amene ndalama ndi zochepa, ndipo ambirife ndi choncho, ndimati yamba ndi S1 ndi S2 m'nyumba, jambula azichemwali ako ndi ana mpaka udziwe kuti fulashi ikakhala pambali, m'mwamba, pafupi kapena patali nkhope imasintha bwanji. Ukapeza kantchito koyamba gula trigger ya kampani imodzi ndi fulashi yako, usagule ya uku ndi uku chifukwa mawa ukadzawonjezera fulashi yachiwiri udzafuna zonse zizimvana. Ngati uli kale ndi fulashi ya Canon kapena Nikon pali kolandirira ka X1R komwe umaiveka kuphazi kuti ilowe m'banja la Godox. Chingwe cha TTL chibwere pambuyo pake ntchito ikayamba kukhala ya ndalama za eni, pomwe sungauze munthu kuti pepani batire linatha.

Mukamagula trigger yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi kamera yanu ndi fulashi yanu, musakhulupirire batani la test lokha chifukwa limatha kuyatsa fulashi pamene mapini apansi anafa. Ilowetseni pa hot shoe, mangani bwino, jambulani kambirimbiri motsatizana pa 1/200 muone ngati pali chithunzi chakuda, sinthani mphamvu muone ngati nambala ikusinthadi pa fulashi, kenako mupatseni mnzanu fulashiyo apite nayo kutsidya kwa msewu muyesenso. Tsegulani kachitseko ka mabatire muone ngati mulibe dzimbiri kapena ufa woyera, ndipo gwedezani phazi lake pang'ono, likakhala la pulasitiki losweka m'mbali musiyeni nayo mwini wake.